KODI MAGAZINI A ASUNGWANA AYENERA MSINKHU WAO?

Tsiku lina m'mwezi wa June, nyengo ija imene cisanu citsika m'mapiri athu a Dedza ndi kuumitsa zala za ana kotero kuti sakhoza kugwira bwino colembera, ndinapeza asungwana anai a Sitandade 5 ataunjikana kuseri kwa sukulu, mitu pamodzi monga nkhuku pa mphale. Ndinayesa alikuotha dzuwa. Koma pamene ndinayandikira, wamng'ono mwa iwo anabisa kanthu m'kati mwa juzi yace, ndipo nkhope zao zonse zinagwa. Kanthuko kanali magazini ya Cingerezi yosindikizidwa kunja, yopanda cikuto, yoda ndi manja ambiri amene anaigwira. Ndipo mwanayo anati anaitenga m'cikwama ca mkuru wace wobwera ku Johannesburg. Buthulo linali la zaka 11. Cingerezi cace sicinakwanire kuwerenga ngakhale ndime imodzi yathunthu, komatu zithunzi sizifuna womasulira.

Ndinalanda pepalalo monga acita aphunzitsi onse, ndi kukaliwerenga madzulo kunyumba, pakuti ndinafuna kudziwa cimene ndalanda. Kuyambira pamenepo funso ili silinandicoke mumtima: kodi magazini olembedwera asungwana ayenera msinkhu wa iwo amene awawerenga? Ndipempha akuru a mpingo ndi amai a Cigwirizano kuti tiweruze mlanduwu pamodzi, ndipo asafulumire kugamula, cifukwa ine ndemwe ndinauyamba ndi maganizo ena, ndi kuutsiriza ndi ena.

Tiyambe tadziwa kuti kulembera asungwana sikunayambe dzulo ai. M'caka ca 1880 bungwe la Religious Tract Society la ku London, losindikiza timabuku ta Cikristu, linayamba pepala lochedwa The Girl's Own Paper, lokhala ndi nthano, maphunziro a kusoka ndi kuphika, ndi mayankho a makalata a owerenga. Ku America kunabadwa Seventeen m'caka ca 1944, ndi ku Britain Jackie m'caka ca 1964. Pambuyo pace panadza ena olankhula mosabisa za anyamata ndi za kugonana, monga Just Seventeen wa 1983, Sugar wa 1994 ndi Bliss wa 1995. Ndipo makolo a kumeneko anadandaula monga momwe tidandaulira ife. M'caka ca 1996 phungu wina wa nyumba ya malamulo, Peter Luff, anapempha lamulo lakuti osindikiza azilemba pa cikuto zaka za iwo oyenera kuwerenga. Lamulolo silinakhazikike, koma osindikiza anaika okha kabungwe komvera madandaulo. Ine ndiyesa kuti likadakhazikika silikadathandiza kwambiri. Lembani 17 pa cikuto, ndipo mwaitana mwana wa zaka 12, pakuti mwana ali yense asuzumira pa mpanda wa akuru ace, ndipo palibe buthu lofuna kuwerenga za mabuthu anzace. Magaziniwo anatha okha, Just Seventeen m'caka ca 2004, Sugar mu 2011, Bliss mu 2014, pamene owerenga ao analikusamukira ku intaneti.

Tsono tibwere kwathu, pakuti ife a ku Dedza tiri ndi mboni yakale koposa mapepala onsewo. M'mapanga a ku Chongoni, monga a ku Mphunzi, Namzeze ndi Chencherere, muli zithunzi zolembedwa pa matanthwe, m'malo 127 amene bungwe la UNESCO linawawerenga pakati pa cuma ca dziko lonse lapansi m'caka ca 2006. Zofiira ndi za Akafula; zoyera, zolembedwa ndi dothi loyera, ndi za makolo athu Acewa, ndipo ofufuza anena kuti zina mwa izo, zooneka ngati nyama yotambasula miyendo, zinalembedwa ndi amai polanga anamwali. Taonani, amenewo ndiwo masamba oyamba olembedwera asungwana m'dziko lino. Ndipo tapenyani kumene anawaika. Sanawaike pabwalo kapena pa njira ya kumadzi, koma kuphiri, m'phanga, kumene mwana safika yekha. Namwali anapita kumeneko atatha msinkhu, wotsogozedwa ndi phungu wace. Ndipo cithunzico pa cokha sicinanene kanthu kufikira namkungwi atacimasulira. Munthu wopita ndi nkhwangwa yace kukadula mitengo akadaciona, akadangoti ndi buluzi.

M'menemo munali nzeru imene ndiiyamikira. Mwambo unali ndi makwerero. Buthu silinauzidwe za namwali. Namwali wogwa pansi anauzidwa za kusamala thupi lace ndi za ulemu. Wolowa m'banja anauzidwa za banja. Ndipo wa pakati poyamba anayembekeza cisamba kuti amve za ucembere. Mpingo pamene unaika cilangizo m'malo mwa cinamwali, unasunga makwerero omwewo, ndipo alangizi athu kufikira lero salankhula mau amodzimodzi kwa onse. Msinkhu sunawerengedwe ndi zaka zokha. Unawerengedwa ndi maso a munthu wamkuru wodziwa mwanayo, amene anapenya nkhope yace polankhula, nadziwa pofika ndi polekezera.

Pano ndisanamizire kuti zonse za kutsimba zinali zokoma, iai. Miyambo ina inapereka ana kwa amuna ndi kuwakankhira ku ukwati asanakhwime, ndipo malemu Inkosi Theresa Kachindamoto a ku Mtakataka, amene anatisiya m'caka ca 2025, analimbana nayo miyambo yotere mosaopa munthu. Pofika caka ca 2016 anali atathetsa maukwati a ana oposa 800 ndi kubwezera anawo ku sukulu. Cimene ndiyamika ndico citseko ndi mlonda wace, si zonse zimene zinanenedwa kuseri kwa citsekoco.

Koma pepala losindikizidwa liribe citseko, ndipo apa ndipo pagona mlandu wonse. Mkonzi wa magazini alemba alikuganiza za namwali wa zaka 16 wa m'mzinda. Koma pepala likaturuka m'makina limuka kumene lifuna. Lilowa m'cikwama, likwera basi, ligulitsidwa lakale m'mbali mwa mseu ku Lilongwe, ligona m'kuka mwa agogo pamene agona asungwana a misinkhu yonse, ndipo potsiriza tsamba lace likulunga mandasi pa msika wa Bembeke, mwana nawerenga alikudya. Wina adzati, Ciperekeni m'sukulu monga mwa makalasi, ndipo bvuto latha. Wonena cotero sanaimepo kutsogolo kwa kalasi ya kumudzi. Pa benchi imodzi ya Sitandade 5 pakhala mwana wa zaka 10 ndi namwali wa zaka 15, wina woyamba sukulu mocedwa, wina wobwereza, wina wobwerera ataleka. Mmodzi asewera phada, mnzace afunsiridwa kale mbeta. Nanga tsamba limodzi lidzayenera bwanji onse awiri?

Tsopano ndinene za pepala lija ndinalanda. Ndinaliwerenga pamodzi ndi amai a kunyumba, amene ali mlangizi mumpingo, ine ndirikumasulira, iwo alikusenda kacewere. Ndinayembekeza kupeza zonyansa, ndipo tsamba limene ndinaliopa koposa ndilo la makalata, pamene asungwana afunsa za matupi ao ndi kuyankhidwa. Panali kalata ya mwana woopa kuti wadwala cifukwa anaona mwazi. Panali ya wina amene mnyamata analikumuumiriza, namuopsa kuti amsiya. Mayankho ace anali acindunji, ndipo mau ena sindikadawachula pamaso pa apongozi. Koma anali oona, ndipo anauza mwanayo kuti ali nayo mphamvu ya kukana, ndi kuti akauze munthu wamkuru womkhulupirira. Amai anaika mpeni pansi nati, Bambo, ameneyo ndi namkungwi ndithu, kungoti walankhulira pamsika. Ndipo ndinabvomera. Colakwa ca tsambalo cinali ca malo, mau ace analibe bodza.

Cimene cinandibvuta cinali pa masamba amene poyamba ndinawapitirira monga opanda kanthu. Masamba ambiri anali a malonda: mafuta a nkhope, utoto wa milomo, tsitsi logula, nsapato, zobvala, ndipo ngakhale nkhani zimene sizinaoneke ngati malonda zinatsirizira pa kuchula cinthu cogula. Asungwana a m'zithunzi onse anali oonda, osalala, osekerera, opanda mng'alu ku cidendene, monga anthu amene sanasenzepo mtolo wa nkhuni. Mau oipa panalibe ngakhale amodzi, kotero kuti mkuru wa mpingo wosanthula akadalipereka kwa mwana wace ndi mtima woyera. Koma phunziro lace, lobwerezedwa tsamba ndi tsamba monga tibwerezera matebulo a masamu, linali ili: momwe uliri sukwanira, ndipo cosowa cako cigulidwa ndi ndalama. Kwa mwana wa ku London kapena ku Johannesburg amene atate wace alandira malipiro pa mwezi, kapena phunziro limenelo litha ndi kulira pang'ono m'sitolo. Koma mwana wa ku Lobi kapena ku Mayani, amene amace agulitsa ndowa ya kacewere kuti agule sopo ndi mcere, ndalama ya mafutawo adzaiona kuti? Tonse tidziwa amene ali nayo. Ndiye wamalonda wofika ndi galimoto nyengo yokumba, ndiye mwamuna wamkuru wa pa sitolo. Ndipo sapereka kwaulere. Cifukwa cace ndinena kuti tsamba losayenera msinkhu wa ana athu m'magazini ija linali lodzutsa cilakolako ca zinthu zimene mwana sakhoza kuzipeza ndi manja oyera.

Ena adzati, Tentha onse, mwana asawerenge kanthu koma buku la sukulu. Ndikadabvomera kukadakhala kuti kusawerenga kusunga ana. Koma kafukufuku wa boma wa za umoyo wa zaka za 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa asungwana 100 ali onse a zaka 15 kufikira 19, okwana 29 anali atabala kale kapena ali ndi pakati. Ndi kuti mwa akazi 100 ali onse a zaka 20 kufikira 24, okwana 42 anakwatiwa asanafike zaka 18. Ambiri a iwo sanagwirepo magazini ciyambire kubadwa. Lamulo lakale la maukwati silinawasunge, ndipo cifukwa cace nyumba ya malamulo inaika zaka 18 m'lamulo la 2015, ndi kukonzanso malamulo akuru a dziko m'caka ca 2017. Komatu lamulo silikhala pansi ndi mwana madzulo kumfotokozera za thupi lace. Agogo amene anacita nchito imeneyo acepa, azakhali ali ku tauni, ndipo mai ndi mwana wace wobala yekha acitirana manyazi monga mwa mwambo wathu. Akuru anati safunsa anadya phula. Koma nanga wofunsa wosayankhidwa adzadya ciani?

Cimene ndidziwa bwino ndico cakuti kufikira 2017 malamulo akuru analola mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo atabvomera.

Mwa zonse zimene zinalembedwera asungwana a m'maiko athu ano, zimene ndiziika patsogolo ndizo timabuku ta zithunzi ta Sara, timene bungwe la UNICEF linaturutsa m'zaka za m'ma 1990 kwa maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, Malawi ali pakati pao. Sara anali msungwana wa kumudzi wokonda sukulu, woyenda ndi pusi wace Zingo. M'kabuku kena mwini sitolo afuna kumkola pomlonjeza kumlipirira sukulu, ndipo Sara apulumuka mwa nzeru zace ndi thandizo la anzace. Cifukwa cace ndiciyamika nciani? Cifukwa olemba ace anatsata njira ya nthano, ndipo nthano iri ndi citseko m'kati mwace momwe. Mwana wa zaka 9 aona munthu woipa, msungwana wocenjera ndi pusi woseketsa, nakondwa. Palibe cimene camdetsa, koma wasunga mumtima kuti mphatso ya munthu wamkuru iri ndi mbedza. Namwali wa zaka 15 awerenga masamba omwewo, namva zonse zimene sizinachulidwe, pakuti iye akumana naye kale munthu wotere pa njira. Yense atunga monga mwa kukula kwa mtsuko wace. Umo ndimo anacitira agogo athu ndi nthano za Kalulu ndi Fisi, ndipo umo ndimo cinaliri cithunzi ca m'phanga, buluzi kwa wopita, phunziro kwa namwali.

A ku Uganda anayesa njira yina. M'caka ca 1993 anayamba nyuzi ya acinyamata a ku sekondale yochedwa Straight Talk, ndipo poona kuti ang'ono nao aiwerenga, m'caka ca 1998 anawayambira yao, Young Talk, ya ana a zaka 10 kufikira 14. Kumeneko ndiko kumanga makwerero ndi mapepala, ndipo ndi nzeru. Pakuti mwana wokhala ndi mbale yace sathamangira kwambiri mbale ya mkuru wace. Ku Rwanda bungwe la Girl Effect linayamba magazini ya Ni Nyampinga m'caka ca 2011, m'cinenero cao, yolembedwa ndi asungwana eni ace, ndipo oyankha mafunso anamcha Shangazi, ndiko kunena zakhali. Bungwe lomwelo linayamba Zathu m'dziko muno m'caka ca 2017, ndi nyimbo ndi masewero a pa wailesi, kuphunzitsa kuti mnyamata ndi msungwana akhoza kukhala mabwenzi othandizana popanda cibwenzi. Ndinamva akuru ena kwathu akung'ung'udza nazo, koma ine m'kalasi ndiona tsiku ndi tsiku kuti phunziro limenelo lisoweka. Ndipo pa nyengo imene boma linayamba kupereka katemera wa HPV kwa mabuthu a zaka 9, m'caka ca 2019, woteteza ku khansa ya khomo la ciberekero imene itha amai ambiri m'dziko lino, a Zathu anakonza kamagazini kakang'ono kofotokoza za katemerayo. Nkhani imodzi, msinkhu umodzi, pa nthawi yace: ciyenero cotere sindicitsutsa konse.

Koma ndiri nao mlandu mapepala a mabungwe, ndipo ndiunena ngakhale ndiwayamika. Ambiri a iwo aona msungwana monga munthu woima m'mphepete mwa phompho nthawi zonse. Tsamba loyamba Edzi, laciwiri mimba, lacitatu ukwati wa ana, lacinai nkhanza. Zonsezo nzoona ndi zofunika. Koma kodi mwana wa zaka 12 ali thupi lokha loti licinjirizidwe? Kodi safuna kudziwa cifukwa cace nkhungu ikuta phiri la Dedza pamene ku Mtakataka kuli dzuwa loswa mtengo, kapena umo njuci zimangira zisa, kapena amene analemba pa matanthwe a kuseri kwa mudzi wace? Safuna kodi nthano yaitali yopitirira mwezi ndi mwezi, mwambi woti amasulire, ndi tsamba losindikizapo ndakatulo yace? Pepala lolankhula za ngozi zokhazokha nalonso likalambitsa mwana nthawi isanakwane. Ndiponso mapepala otere adza ndi ndalama za opereka thandizo, napita nazo. Mwana alandira kamodzi kapena kawiri, ndipo pamene ayamba kuyembekeza lacitatu, nchitoyo yatsekedwa. The Girl's Own Paper inakhala zaka 76, kufikira 1956, cifukwa asungwana anaiyembekeza ndi kuikonda. Pepala la Cicewa lotere, limene mwana wa kumudzi angati ndi langa, sindinaligwirepo m'manja. Ndipo ife odziwa kulemba, aphunzitsi ndi alangizi, tisaloze cala kwa alendo pa cimeneco.

Za lamya za m'manja ndinena pang'ono, pakuti zifuna nkhani yace. Magazini, ingakhale yoipa, iri ndi mkonzi wokhala ndi dzina ndi malo, amene ukhoza kumlembera kalata yodandaula. Ndipo mphunzitsi akhoza kuilanda ndi kuiwerenga. Zimene ziyenda pa Facebook, WhatsApp ndi TikTok ziribe mkonzi wotere, ndipo lamya ya mlongo wace ikagona m'nyumba usiku, buthu liona m'kamphindi zimene magazini ija sikadalimba mtima kusindikiza.

Pepala lija sindinalitenthe. Amai a kunyumba anadula tsamba la makalata ndi lumo, nalisunga m'buku lao la cilangizo, nati mafunsowo ndi omwewo amene anamwali athu aopa kufunsa. Mawa lace anapita kukaceza ndi amace a mwanayo, ndipo zimene anakambirana sanandiuze, inenso sindinafunse. Patapita masiku atatu buthu lija linatsalira anzace ataturuka, linagwada pafupi ndi tebulo, niliti, Aphunzitsi, popeza munalanda lija, ndiwerenge ciani tsono? Ndinatsegula kabati ya sukulu. Munali mabuku a masamu, a Cingerezi ndi a sayansi, owerengeka, osabwereketsa kunyumba. Ndipo pansi pa zonse panali buku lakale la mapu, lodyedwa ndi ciswe mbali ya Asia. Ndinampatsa limenelo. Analibweza Lolemba, atalikuta bwino ndi pepala la simenti, nafunsa ngati liripo lina.